Wonga wa amalume

Ndikayatsa machesi, fungo lake limandikumbutsa chaka chimene nguluwe zinkatha chinangwa chathu ku Malengachanzi. Bambo anali ndi mfuti ya gogodera, koma wonga wogula unkadula. Anatenga wopanga amalume, wotchipa koma wodzaza mwaye mumpope wa mfuti.

"Alamu, mukawombera muzitsuka ndi madzi otentha tsiku lomwelo," amalume anawachenjeza.

Atawombera, bambo anangopukuta kunja kokha. M'mawa wina ndikupita nawo kumunda, tinapeza nguluwe ikufukula. Anatchera bwinobwino, koma mfuti inakana kulira, nguluwe n'kulowa m'tchire.

Kunyumba anathira madzi otentha mumpope, ndipo madziwo anatuluka akuda bii, akununkha ngati dzira lowola. Bambo anandiyang'ana mwamanyazi.

"Mwanawe, amalume ako asamve."