Amayi Anga Griet ndi Chilankhulo Chimene Anandibisira

Amayi anga, Griet, anabadwira ku Sikrog, mudzi wa asodzi a kamtundu kakang'ono ka Alivoni m'dziko la Lativiya, ndipo moyo wawo wonse ntchito yawo inali yowamba nsomba. Ukawakumbatira m'mawa, nawenso unkanunkha utsi mpaka madzulo.

Chilivoni ankalankhula ndi bambo okha, makamaka akafuna kutibisira nkhani. Ife ana ankatilankhula Chilativiya. Ali mwana, anzawo kusukulu ankawaseka mpaka kulira chifukwa cha chilankhulo cha kwawo, ndiye analumbira kuti wawo mwana sadzasekedwa. Makolo ambiri m'mudzimo ankatero, ati kutikonda. Ha, chikondi chake chimenecho!

Ndikati andiphunzitse Chilivonicho, ankangoti, "Zelma, chidzakupatsa chiyani? Nsomba sizifunsa chilankhulo. Tiye, katole nkhuni uko."

Liwu limodzi lokha ndinatola: vana, kutanthauza chokalamba. Ngakhale Aesitoniya a kutsidya kwa nyanja amatero, ndipo bambo ankati liwulo ndi lakale kuposa mudzi wathu ndi manda ake omwe.

Bambo anamwalira, achibale anabalalikira m'matauni, tinatsala awiri. Tsiku lina amayi anagwa pakhomo. Pamene ankatsitsimuka, Chilativiya chonse chinali chitawathawa, kwatsala Chilivoni chokhachokha.

Ine pamenepo n'kuti mutu uli mbuu ndi imvi. Ndinkawadyetsa buledi wakuda wonyika mumkaka, iwo n'kumandiyang'ana, kufunsa chinthu chimodzimodzi. Ndinkangomvapo vana basi.

"Inde amayi, mwakalamba," ndinkatero. "Tonse takalamba."

Ankapukusa mutu, n'kuloza pawindo, misozi ili chuchuchu. Mtima unkandiwawa, ndipo ndinkapsanso mtima. Mayi wako akupempha kanthu, iwe uli ndwii ngati mlendo!

Ndinapita ku Kolka kukatenga a Didrik, msodzi wokalamba amene ankakwera bwato limodzi ndi bambo. Kudera lathu lonse, odziwa Chilivoni amene ndikanawapeza anali iwowo.

"Griet!" anakuwa akulowa ndi ndodo yawo. "Nawenso imfa yakukana? Yaopa pakamwa pakopo!"

Kenako anatembenukira ku Chilivoni. Abale inu, nkhope ya amayi inawala. Analankhula, anaseka, mpaka kuwamenya a Didrik pabondo. Ine ndinaima pambali ndi ketulo m'manja, nsanje itandigwira.

Mwadzidzidzi amayi anandiloza, n'kubwereza funso lawo lija. A Didrik anasiya kuseka.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Aa, zaukalamba izi, mwanawe. Thira tiyi."

"Musandinamize, a Didrik. Ndakutengani kutali."

Anakanda chibwano, maso ali pansi. "Akufunsa kuti gogo ameneyu ndani, amene amakhala pambali pa bedi lawo. Akuti ndiwe wachifundo ndithu, koma sakukudziwa."

"Nanga pawindopo?"

"Akuti kamwana kawo, Zelma, kakusewera kunyanja osavala jasi, ndipo mphepo yayamba. Akhala akukupempha kuti ukakatenge."

Ndinaika ketulo pansi. Ndinafuna kukuwa kuti ndine, amayi, ndine Zelma wanu! Koma m'chilankhulo chiti? Amayi anali chindiyang'anire, akudikira.

"Auzeni kuti gogoyu wamva," ndinatero.

Ndinavala nsapato, n'kutuluka kulowera kunyanja.