Kutsogolo kwa Ng'ombe za Atsibweni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, m'nyengo ya Chitaganya, pamene aphunzitsi athu pasukulu ya mishoni kufupi ndi Sinda anatiphunzitsa mawu a Chingerezi akuti insist. Anati mawuwa anachokera ku Chilatini, chilankhulo chimene ansembe ankachitira Misa, ndipo kumeneko ankatanthauza kuima pa chinthu osasuntha. "Wopempha akakanizidwa amabwerera kwawo," anatero, "koma woumirira sachoka." Ife tinangoseka. Kwathu mwana woumirira pamaso pa akulu ankatchedwa wamwano, basi.

Chilimwe cha chaka chomwecho amayi anali ndi pakati, bambo ali kumigodi. Matenda atayamba, azamba anatseka chitseko n'kundiuza kuti amayi akumva mutu. Mtsikana wosavinidwa ngati ine sankayenera kudziwa za uchembere, ngakhale kuzitchula. Dzuwa linalowa, linatulukanso. Kubuula kwa amayi kunayamba kuchepa, ndipo kuchepako ndiko kunandiopsa. Ndili kuseri kwa nkhokwe ndinamva mzamba wina akunong'ona kuti mwana wapingasa, koma sakanapita nawo kuchipatala popanda mawu a mwini mbumba.

Mwini mbumbayo anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndipo ngolo m'mudzimo inali yawo yokha. Azimayi aja ankangokankhirana, aliyense akuopa kukauza mwamuna za m'chikuta. Ine ndinathamanga. Ndinawapeza atamanga kale ng'ombe m'goli, matumba a mtedza atapakiridwa, ulendo wa kumsika.

Ndinagwada. "Atsibweni, amayi apite kuchipatala."

"Za azimayi izo. Wakutuma ndani?"

"Palibe."

"Choka apa."

Miyendo yanga inkafuna kumvera, pakuti atsibweni sankabwereza mawu. Koma ndinakwawa n'kukagwada kutsogolo kwa ng'ombe, mpweya wake wotentha ukundiwomba pakhosi.

"Mwana wapingasa," ndinatero maso ali pansi.

Chikwapu cha ng'ombe chinanditera pamsana. Ndinalira, koma ndinabwereza mawu omwewo. Ndinadikira chachiwiri. M'malo mwake ndinamva thumba likugwera pansi, kenaka linzake.

Ngolo inatifikitsa pamsewu waukulu, ndipo lole ya mmwenye wina wa sitolo inatitenga mpaka kuchipatala ku Katete. Khanda silinakhale moyo. Amayi anapulumuka.

Titabwerera, nkhani pachitsime inali ya mwano wanga, ndipo zinandiwawa kuposa chikwapu chija. Atsibweni sanandiyamikepo mpaka kumwalira kwawo, komanso sanandikwezerenso dzanja.

Lero ndakalamba, ndipo ulemu ndimaufunabe kwa adzukulu anga. Koma mwana akakana kuchoka nditamuthamangitsa, ndisanakalipe ndimayamba ndamufunsa chimene waona. Tsiku lija m'mudzi monse munali anthu aulemu okhaokha, ndipo amayi akanawaika m'manda mwaulemu kwambiri.