Pemphero pa Bedi la a Lumo

Asanakhale m'busa, bambowa anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kwa zaka zambiri. Ophunzira awo ndiwo anawapatsa dzina loti Pang'onopang'ono, chifukwa ndi mawu amene ankatuluka m'kamwa mwawo munthu akangoponda mafuta mwaphuma. Dzinalo linawatsata mpaka paguwa.

Tchalitchi chawo chinali holo yakale yosungiramo katundu kuseri kwa garaja, moti nyimbo zinkalimbana ndi phokoso la okhoma zitsulo. Kulalikira sankagwedeza nako denga. Akazi awo omwe ankawaseka kuti ulaliki wawo umayenda pa giya yoyamba. Koma kupemphera ankapemphera. M'mawa uliwonse ankalowa m'kachipinda kosungiramo mipando ya pulasitiki, n'kugwada pakatoni yophwasula, n'kumatchula anthu awo mmodzimmodzi: uyu mwana wake wathawa sukulu, uyu mwendo watupa, awa sakulankhulana. Kwa iwo ntchito ya ubusa inali imeneyi, zinazo zinali zongowonjezera.

Mumpingomo munali mkulu wina wometa anthu, amene aliyense ankawatcha a Lumo. Akazi awo anali atamwalira kale, ndipo ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, telala. Tsiku lina a Lumo anagwa m'shopu mwawo makina ali m'manja, kasitomala atametedwa mbali imodzi. Kuchipatala anati ndi sitiroko.

Abusa anapita masana, nthawi yoona odwala. Mwana uja anawaimitsa pakhonde maso ali ofiira.

"Abusa, mupemphere mwamphamvu kuti bambo achire. Ndilibenso wina ine."

"Tipemphera, mwananga."

M'wodimo anapeza a Lumo dzanja lamanja litafa, mlomo utapindika. Wodwalayo anatuma mwana wake kukatunga madzi akumwa, kenaka anakoka jekete la abusa ndi dzanja lamanzere. Mawu ankatuluka movutikira, koma ankamveka.

"Abusa, inu ndi ine sitinamizana. Mundipempherere ndizipita. Dzanja ili silidzagwiranso ntchito, ndipo sindikufuna mwana wanga azindisintha zofunda ngati khanda."

"Musatero, achimwene."

"Ndatero kale. Mwandimva?"

Abusa anagwedeza mutu. Iwo ankatanthauza kuti amva, koma a Lumo anatenga kuti alonjeza.

Mwana uja atabwera anagwada mbali ina ya bedi. Bambo ndi mwana onse awiri anatsinzina, aliyense akuyembekezera zake. Abusa anali ataimapo pa mabedi ambirimbiri, koma tsiku limenelo lilime linauma. Anene kuti "muwachize," ndiye kuti apereka mnzawo. Anene kuti "muwalandire," mwanayo amuyang'ana bwanji? Mawu oti "kufuna kwanu kuchitike" anabwera, koma anawaona ngati kuthawa mlandu.

"Ambuye," anayamba. "Ambuye, mwamva. Mwamva nokha."

Basi. Anaima pomwepo maso ali chitsinzire, thukuta likutsika m'khosi, mawu ena osabwera. Pamapeto pake wodwala wa pabedi loyandikana ndiye anawapulumutsa ponena kuti amen.

Kunyumba akazi a abusa anafunsa kuti, "Ndiye munapempha chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Munthu n'kupemphera osadziwa chomwe wapempha?"

Masiku otsatira, abusa akagwada m'kachipinda kaja, maina ena onse ankayenda bwino, koma akafika pa a Lumo ankakakamira. Anayesa kusala kudya, koma chimene anapeza chinali litsipa chabe. Anadzifunsa ngati tsiku lija Mulungu ndiye anawatseka pakamwa kapena anali mantha awo okha, ndipo zonse ziwiri zinkamveka zoona.

A Lumo sanafe. Anatuluka m'chipatala pa njinga ya olumala. Lamulungu lotsatira mwana wawo anaima kutsogolo kupereka umboni kuti abusa sanachulutse mawu, anangoti "mwamva," ndipo Mulungu anamvadi. Mpingo unaomba m'manja, abusa atazyolika. Kuchokera pamenepo anthu anayamba kubwera, ena a mipingo ina, kudzapempha "pemphero lachete lija." Abusa akati afotokoze kuti palibe pemphero lotere, anthuwo ankati taonani kudzichepetsa kwake.

Abusa atapita kukawaona kunyumba, a Lumo anayang'ana kukhoma.

"Munandigulitsa, abusa."

"Sindinapemphe kuti muchire ine."

"Ndiye munapempha kuti ndife?"

"Ayinso."

"Nanga nthawi yonse ija munkatani maso ali chitsinzire?"

"Ndinkadikira."

"Basi yake iti?"

Abusa anaseka asanafune, a Lumo nawo mlomo wopindika uja unanjenjemera. Kenaka analoza ndevu zawo, zimene zinali zitamera mosalongosoka. "Poti mwandisunga, mundimete."

Ndi mmene zinayambira. Lachinayi lililonse abusa ankabwera, kuwakoleka thaulo m'khosi, kupaka thovu, n'kuyamba kumeta uku akukalipiridwa kuti agwira lumo ngati akusenda mbatata. Masiku ena a Lumo ankacheza mpaka misozi ya chiseko, akusimba za makasitomala akale. Masiku ena ankangoti, "Lero mupemphe zija." Abusa ankagwira dzanja lakufa lija n'kutsinzina, ndipo mawu ankathera pamene anathera kuchipatala.

Zinapita zaka zingapo chonchi. A Lumo anamwalira masana ena mvula ikuwaza, mwana wawo akusoka m'chipinda china. Abusa sanadziwe ngati limenelo linali yankho lochedwa la pempho la bambo kapena kutha kwa yankho la mwana.

Mwambo wa maliro utatha, telala uja anabwera pamene iwo anaima.

"Abusa, zimene bambo anakuuzani kuchipatala ndinazimva. Madzi aja sindinakatunge msanga, ndinali pakhomo."

"Nanga umboni uja?"

"Ndinkafuna iwo amve kuti ndikuwafunabe." Anapukuta m'maso. "Koma mwina ndinawazunza. Inu mukuona bwanji?"

Abusa anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo mkulu wina wa mpingo anawagwira paphewa n'kuwauza kuti achibale ochokera kutali akufuna pemphero asananyamuke. Abusa anayang'ana mwanayo, anayang'ana achibalewo atasonkhana pageti ndi zikwama zawo, ndipo anamuuza kuti abweranso Lachinayi.