Tambala Wapita ku Polisi

Mkulu wina wa ku Mitundu sapita kwa munthu waudindo chimanjamanja. "Wamkulu sapemphedwa ndi pakamwa pokha," amatero. Akazi awo, a Zipora, atopa nazo: nkhuku zikutha m'khola.

Atamva pa wailesi kuti lamulo limalola munthu kuona zimene apolisi analemba pa dandaulo lake, mkuluyu anakumbukira ng'ombe yawo yobedwa imene anakadandaula ku polisi. Anagwira tambala.

"Bambo, kumeneko si kwa amfumu!" anakuwa a Zipora.

Sanamve. Wapolisi ataona tambala patebulo anati n'chiphuphu, nawalemba m'buku, tambalayo n'kumusunga ngati umboni.

Mkuluyu anabwerako manja lende.

"Nanga za ng'ombe mwaona?" anafunsa a Zipora.

"Ayi. Mawa ndikaone kaye zimene andilemba ineyo. Thadzi lija lili kuti?"