Batire la Thalakitala

Ndinaganiza zochoka tsiku limene abwana anga a ku Area 10 anagulitsa nyumba n'kubwerera kwawo. Zaka zisanu ndikuthirira maluwa a eni, ndinatsala manja lende. Mnzanga atandiuza kuti ku Mozambique akufuna ocheka matabwa, ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti nkhalangoyo ili pati. Mkazi wanga Esinati anangoti, "Pitani, koma foni isazime. Amalume akuti amuna opita kunja amatchona."

Foni inazima sabata yoyamba yomwe. Kumsasa kwathu kunalibe magetsi, ndipo tauni inali ulendo wa tsiku lathunthu. Miyezi iwiri ndinali zii ngati wakufa. Malipiro ankangogona m'sokosi, posowa potumizira. Ndinasungulumwa koopsa, mpaka nthawi zina ndinkaitulutsa foni yozimayo n'kumangoiyang'ana.

Tsiku lina Lachinayi kunabwera lole yodzatenga matabwa. Dalaivala anandilola kutchaja pang'ono, ndipo ndinakwera phiri la kuseri kwa msasa, kumene netiweki inkagwira. Ndinapeza uthenga wa Esinati: amalume ake aitana ankhoswe Lamlungu masana, ndipo mawu anga akapanda kumveka, amutenga kubwerera naye kumudzi. Ndisanayankhe, foni inazimanso. Lole inali itanyamuka, koma mwamwayi ndinali nditagulako tchaja ya m'galimoto kwa dalaivala uja.

Galimoto tinalibe, koma thalakitala yokoka mitengo inalipo. Woyendetsa wake, bambo Alberto, anandiseka kaye kenaka n'kundilola kutchajira foni pa thalakitalayo. Ndinamangirira mawaya awiri a tchaja ija ku batire lake, koma ine wophunzira za maluwa ndinawasemphanitsa. Kunangomveka thee, kafungo ka kupsa n'kutuluka. Ndinakhala pansi, misozi ili m'maso. Alberto anatsegula tchajayo n'kupeza kuti chapsa ndi kafyuzi kokha. Anakulungapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ine n'kusintha mawaya aja. Foni itayaka, ndinavina pa utuchi anthu onse akuona.

Lamlungu ndinali paphiri dzuwa lisanafike pamutu, n'kuimba pa foni ya Esinati.

"Ndani ameneyo?" anafunsa amalume, ngakhale ankadziwa.

"Ndine mkamwini wanu, amalume. Ndili moyo, ndipo mkazi wanga ndikumufuna."

"Nanga miyezi yonseyi munali kumanda?"

Ankhoswe anaseka, ine ndinafotokoza zonse, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuyambira pamenepo sindinaphonyepo Lamlungu ngakhale limodzi.

Patatha zaka ziwiri ndinabwerera kwathu ku Area 4 ndi sola ziwiri ndi batire langalanga. Lero ndili ndi benchi yotchajira mafoni pafupi ndi msika, ndipo magetsi akazima anthu amachita kuima pamzere. Aliyense wobwera ndinkamusimbira za phiri langa lija, mpaka tsiku lina Esinati anatopa nazo.

"Inu mumayesa foni yanga inkadya chiyani?" anatero. "Sabata imeneyo kuno magetsi anazima Lachisanu, osayakanso. Loweruka ndinayenda wapansi mpaka ku Area 47, mwana wathu kumsana, kwa amayi a kutchalitchi kwathu amene ali ndi sola. Ndinakhala pageti maola atatu kudikira kuti abwere."

Ine ndinkayesa kuti thengo ndinalisiya ku Mozambique, ndi kuti ukwati wathu ndinaupulumutsa ndekha. Mkaziyu sanandiuzepo zimenezi zaka ziwiri zonsezo, poopa kundiwonjezera nkhawa.