Ndinamutsina Mwana Wanga pa Msika wa Mitundu

Mwana wanga woyamba ndinamutsina dala pantchafu ali wakhanda, pa msika wa Mitundu, pakati pa anthu. Sanalakwe kanthu. Anali atangoyamwa kumene, ali phee m'manja mwanga. Bambo ake sakudziwa mpaka lero, ndipo apongozi anga ndinawauza kuti linthumbu ndi limene linamuluma. Nkhaniyi yandikhala pamtima nthawi yaitali, ndiye lero ndati ndiilembe, mwina ndingapume.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba uphunzitsi pa Nathenje, setifiketi ya ku koleji nditaipachika pakhoma. Amuna anga ndi alangizi a zaulimi. Ine ndikadali m'chikuta, anawaitana ku maphunziro aatali kum'mwera, ndipo masiku amenewo boma likaitana sunkati dikirani kaye. Anapita mwana tisanamutenge.

Apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi, cha ku Mitundu, kudzandithandiza. Tsiku lofika lomwelo anandikhazika pakhonde. "Mayi a mwana, mwanayu ndi wozizira. Mpaka bambo ake adzabwere, mudzakhalire limodzi pamphasa, asamunyamule munthu wotentha. Aliyense amene wachokera kogona ndi mwamuna wake kapena mkazi wake, ayi. Akangomunyamula, tsempho. Masaya atupa, miyendo itupa, tsitsi lifiira, kenaka tikumba dzenje. Ndinaika awiri ine, sindikunena zongomva."

Ndinati chabwino amayi, mumtima ndikuseka pang'ono. Ku koleji anatiphunzitsa kuti kutupa kotero kumabwera ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi, ndipo ine ndemwe ndinkajambula pabolodi magulu atatu a zakudya, ana n'kumabwereza mokweza. Koma kusekako sikunakhalitse. Ndikamamusambitsa mwana ndinkadina chala paphazi lake kuona ngati patsale kadzenje. Mphunzitsi mnzanga akati ndimunyamuleko, ndinkati wangodzinyowetsa kumene. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Za pabolodi ndinkazikhulupirira, za apongozi ndinkaziopa, ndipo zonsezo zinkagona m'mutu umodzi.

Ndiye panali alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene anali atabwerera kumene kuchokera ku Beira. Kumeneko ntchito yawo inali yoyendetsa azungu otsika m'sitima zikuluzikulu zapamadzi. Sitima ikakocheza m'mawa, iwo ankaima padoko ndi ambulera yakuda, n'kutenga gulu lawo kukalionetsa mzinda: msika, tchalitchi chachikulu, nsanja ya nyale younikira sitima, ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja kumene azimayi ankavula nsapato. Dzuwa lisanalowe ankayenera kuwabweza onse padoko, popeza sitima ikaliza lipenga sidikira munthu. Apwitikizi atayamba kupakira katundu wawo, sitima zija zinasiya kubwera, alamu n'kubwerera kwathu ndi ambulera yomweyo. Sanakhazikike. Ankangoyendayenda pa Nathenje ngati nkhuku yofuna poikira, basi iliyonse ikaima pamsewu n'kumasuzumira ngati mutuluka alendo awo.

Tsiku lina anafika kunyumba nkhope ili ngwee. Ku Nkhoma kunabwera alendo a mpingo ochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo anali ndi tsiku limodzi lopuma asanakwere ndege. Abusa anapempha alamu kuti awayendetse.

"Chipwitikizi ndimatafuna ngati chimanga chokazinga," anatero alamu, "koma Chingerezi changa ndi cha padoko, muli mawu ena oti abusa atawamva angakomoke. Inu aphunzitsi mukhala pakamwa panga."

"Nanga mwana, alamu?"

"Mwana ali ndi msana wa amake. Kapena munaubwereketsa?"

"Nanga muwaonetsa chiyani kuno? Nyanja yanu ija ili kuti?"

"Mlendo wa tsiku limodzi amaona chimene wamulozera. Ndikaloza chulu ndi ambulera iyi, ajambula chulu."

Anandiphunzitsa ntchito yawo pabwalo la sukulu, ana ataweruka. Uziyenda chafutambuyo, nkhope kwa alendo. Uziwawerenga pokwera ndi potsika paliponse. Akafunsa za boma, uloze phiri. "Koma lamulo lalikulu ndi ili, alamu," anatero akugogoda ambulera pansi. "Mlendo wa tsiku limodzi sakanizidwa. Wa sabata ukhoza kumukhumudwitsa lero n'kupepesa mawa. Uyu alibe mawa. Chimene wamuchitira ndi chimene apite nacho kwawo."

Tsiku la ulendowo linali la msika wa pa Mitundu, nyengo yokolola fodya. Alendo anafika pa kabasi ka mishoni, kamene alamu ankangokatcha sitima. Azimayi amene madiresi awo sanaphimbe maondo tinawamanga zitenje pompo pamsewu, iwo akuseka. Pampando wakutsogolo panakhala a tcheyamani a chipani a dera lathu, baji ili pachifuwa. Alendo akunja sankayenda popanda diso la chipani, ndipo tonse tinkadziwa kuti mawu amodzi a bambo amenewa ankatha kusamutsa mphunzitsi, mwinanso kuposa pamenepo.

Ntchito inayamba bwino. Alamu ankakweza ambulera, n'kunena m'Chichewa, ine n'kumasulira, mwana ali kumbuyo. Tinawaonetsa sukulu, ana anaimba. Tinawalowetsa m'chigafa cha fodya, anatsokomola n'kujambula. Alamu anali munthu wina tsiku limenelo, mapazi opepuka, mawu okwera. Analoza phiri la Nkhoma ngati analiumba okha.

Koma m'gululo munali mayi wina, wa msinkhu wa amayi anga aang'ono, wovala chipewa cha udzu. Ameneyu sankayang'ana kumene ambulera ikuloza. Ankayang'ana kumsana kwanga. Poyenda chafutambuyo mwana ndinkamubisa, koma ndikangotembenuka ndinkamupeza mayiyu ali pafupi, akumwetulira kamutu kotuluka m'chitenje. Pa sukulu anafunsa ngati ndi mtsikana. Pa chigafa anafunsa ngati utsi sukumupweteka. M'basi anakhala kumbuyo kwanga, ndipo ndinamva chala chake chikukhudza kaphazi. Ndinasuntha ngati ndikukonza chitenje. Kukhudza phazi ndi kunyamula kodi? Sindinkadziwa. Apongozi sananene za phazi.

Chinandivuta kwambiri chinali bambo wamtali amene ankayenda naye. Ankamugwira pachigongono potsika basi. Ankamwera kapu imodzi ya tiyi wa m'fulasiki. Ankanong'onezana n'kumaseka. Ndinati awa ndi mwamuna ndi mkazi, ndipo si okalamba, ndipo agona ku Nkhoma kozizira kuja m'chipinda chimodzi.

Tili pa msewu wafumbi wopita ku Mitundu ndinawanong'oneza alamu. "Mayi a chipewa aja, bambo aja ndi amuna awo?"

"Mwawafuna? Mng'ono wanga wangochoka kumene."

"Alamu, sindikuseka. Akufuna kunyamula mwana."

Anandiyang'ana, anamva. Iwonso ndi mwana wa apongozi anga omwewo, ndipo chibwerere anali asanamunyamulepo mwanayu. Koma anangopukusa mutu. "Ndiye ndikawafunse kuti madamu, usiku wathawu munagona bwanji? Ku Beira ndinafunsidwa zambiri, koma ine sindinafunsepo zimenezo. Za azungu mwina siziwerengedwa."

"Mwina?"

"Inu ndi a setifiketi. Mundifunsa ine?"

Pa Mitundu panali anthu osaneneka. Ngolo za ng'ombe, njinga, mbuzi, mitolo ya nzimbe, achinyamata a chipani pachipata akuona makhadi. Alamu anadutsa pakati ambulera ili m'mwamba, alendo ali pambuyo ngati anapiye. Ine ndinkamasulira mitengo ya mbatata ndi dzina la chinangwa, koma mutu wanga sunali pamenepo. Mwana anayamba kulira njala. Pamene alendo anakhala pansi pa mtengo kuti adye mabanzi awo, ndinapita kuseri kwa basi, n'kumumasula, n'kumuyamwitsa. Ndinaganiza kuti ndabisala.

Nditatukula maso, mayi uja anali ataima patsogolo panga, chipewa chili m'manja. Kumbuyo kwake kunali bambo wamtali uja ndi kamera, ndi a tcheyamani, ndi alamu. Mayiyo anaika chipewa pansi, anapukuta manja pachitenje chimene tinamumanga, n'kuwatambasula.

"Ndingamunyamuleko pang'ono chabe?" anatero m'Chingerezi, motsitsa mawu.

"Apatseni, aphunzitsi," anatero a tcheyamani. "Ajambule, akaonetse kwawo kuti ana athu kuno ndi onenepa."

Ndinayang'ana alamu. Iwo anayang'ana nsonga ya ambulera.

Chingerezi ndinali nacho chokwanira kumasulira fodya ndi phiri, koma chonena kuti mayi, mwina ndinu wotentha, ndinalibe. Kukana pamaso pa a tcheyamani kukanakhala kunyoza alendo a dziko, ndipo mawa lake ndikanaitanidwa kukafotokoza. Kumupereka, ndinaona masaya otupa, ndinaona apongozi akundifunsa kuti anamunyamula ndani. Ndinadziuza kuti iwe, unalemba mayeso a zimenezi, tsempho kulibe. Manja anga sanamve. Dzanja langa lamanja linali kale pansi pa kansalu, pantchafu yake yofewa ija. Ndinatsina. Osati pang'ono.

Mwana anayamba watsegula pakamwa popanda mawu, kenaka anakuwa kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Anapinda msana, nkhope inachita kuda. Mayi uja anabweza manja msangamsanga ngati wagwira moto.

"Pepani, pepani," anatero. "Wandiopa. Ndi nkhope yangayi."

"Sanazolowere azungu," anatero a tcheyamani akuseka, n'kubwerera kumabanzi. Bambo wamtali anatsitsa kamera. Alamu anandiyang'ana kamodzi, m'maso, kenaka anakweza ambulera n'kufuula kuti aliyense akwere sitima.

Ulendo wobwerera mwana analira mpaka anatopa. Ine ndinamasulira za dambo ndi za nkhokwe. Mayi uja sanakhalenso kumbuyo kwanga. Anakhala pawindo, akuyang'ana kunja.

Titafika pa Nathenje, pamene ine ndi alamu tinkatsikira, alendo anatsika kudzatsanzikana ndi kubweza zitenje. Mayiyo anapinda chake bwinobwino n'kundipatsa m'manja. Anati ndimukhululukire chifukwa chomuliza mwana. Anati iye sanakhalepo ndi mwana, mwamuna wake anamwalira kalekale, ndipo mchimwene wakeyu, analoza bambo wamtali uja, ndi amene anamukakamiza kubwera pa ulendowu kuti asamangokhala yekha m'nyumba.

Mchimwene wake. Munthu wozizira kuposa tonse amene tinali m'basi muja.

Nthawi inalipo. Kumasula chitenje sikuchedwa. Mwana anali m'tulo, akanamulandira osalira. Dzanja langa linafika pamfundo ya pachifuwa. Koma ndinaganiza kuti akamutukula kansalu kaja kasuntha, aona pantchafu, ndipo a tcheyamani ali pompo. Ndinaganizanso kuti nanga ngati wamasiyeyu ali ndi wina kwawo, ine ndidziwa bwanji? Ndili m'kati moganiza choncho, alamu anali atayamba kale kuwawerenga alendo awo pakhomo la basi, akuwafulumizitsa kuti ndege nayo sidikira. Mayi uja anakwera. Anakweza dzanja pawindo, osati kwa ine, koma kumsana kwanga.

Basi itapita, alamu anapinda ambulera. "Ku Beira sindinatayepo mlendo," anatero. "Lero ndabweza onse, koma mmodzi wapita wopanda chake." Nkhaniyi sanaitchulepo kwa munthu.

Madzulo apongozi akumusambitsa mwana anaona pantchafu pali bii, zala ziwiri zikuoneka bwinobwino. Ndinati linthumbu. Anayang'ana malowo nthawi yaitali. "Linthumbu la ku Mitundu lakula chaka chino," anatero, n'kupitiriza kumusambitsa. Sindidziwa ngati kumeneko kunali kundiyamikira kapena kundidzudzula.

Amuna anga anabwera, mwana tinamutenga, sanatupe. Pano akuthamanga pabwalo la sukulu, ndipo aliyense amamunyamula. Apongozi angati ndi chifukwa ndinamuteteza. Za ku koleji zingati sakanadwala ngakhale akanamunyamula msika wonse. Ine ndimangodziwa kuti tsiku limenelo amene anamupweteka mwana wanga si mlendo, ndipo kwinakwake kutsidya kwa nyanja kuli mayi amene amakhulupirira kuti khanda linaona nkhope yake n'kukuwa. Ndikamaphunzitsa magulu atatu a zakudya choko chimanditerera m'manja. Ndili ndi pakati pena tsopano, ndipo amuna anga akuti mwina awaitananso.

Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga amene munaberekapo khanda losatengedwa, mukanakhala kuseri kwa basi ija, manja a mlendo ali patsogolo panu, a tcheyamani ali pambali, mukanatani? Ndinachita bwino kodi?