Ukonde unakodwa, ine ndinakana kumira

Pa boti la amalume womira ndinali ine. Ukonde ukakodwa pa miyala ya pansi pa nyanja, onse ankangotembenukira kwa ine, ndipo ndinkavula malaya osadikira kuuzidwa. Ntchito imeneyo inandidyera khutu lakumanzere ndidakali mnyamata. Linatuluka mafinya zaka zambiri, kenako linangoti zii.

Ndiye chaka china lakumanja nalo linayamba. Mafinya ake onunkha, ntchentche kumandilondola ngati ndasenza usipa wowola. Mkazi wanga ankachita kukuwa kuti ndimumve. Mantha anandigwira, sindibisa. Ndinapalasa njinga mpaka kuchipatala ku Benga, komwe adokotala anasuzumira m'khutumo nati ng'oma yake yabooka. Anandipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza, nandichenjeza kuti madzi asalowemo mpaka liume, apo ayi litsatira linzake.

M'mawa ndi madzulo ndinkagona chammbali pamphasa. Mkazi wanga ankapota kansalu koyera, n'kumapukuta mafinya mpaka kansaluko katuluke kouma, kenako n'kudontheza. Akasisita pakhomo pa khutu, kuwawa kwa mankhwalawo ndinkakumva kukhosi. Posamba ndinkatsekamo thonje lopaka mafuta. Kunyanja ndinkapitabe, koma kukakoka ukonde basi. Amalume ndinawafotokozera zonse, iwo n'kungoseka, ati khutu la msodzi limatsukidwa ndi nyanja yomweyo.

Mafinya atangoyamba kuchepa, ukonde wawo watsopano unakodwa kufupi ndi Chia. Tinakoka, tinagwedeza, osatheka. Maso onse kwa ine. Malaya sindinavule.

"Mphwanga, ukonde ukupita uwu," anatero amalume.

"Amalume, maukonde ali mbwee kusitolo. Khutu ndatsala nalo limodzi. Sindimira."

Apo ndiye anayamba. Anandikumbutsa kuti anandilera ndi iwo, kuti kupalasa bwato anandiphunzitsa ndi iwo, kuti tsopano ndikulamulidwa ndi mkazi ndi kabotolo. Za kundilerazo n'zoona, ndipo zinandilasa mtima. Koma mkwiyo unaposa. Khutu loyamba lija linafera pa maukonde awo, ndipo sanandifunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti likupeza bwanji. Sindinamire. Panalibe wina wotha kufika pansi pamenepo, choncho amalume anatenga mpeni n'kudula, theka la ukonde n'kutsalira m'madzi. Anandiuza kuti mawa ndisaoneke pa boti lawo. Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindinapepesebe.

Pobwerera amalume anakhala kumbuyo kwa boti, ine kutsogolo, nkhafi zili phwa phwa pakati pathu. Popeza anazolowera kuti za patali sizindifika, anauza mnzawo wina wa m'botimo chapansipansi kuti mlongo wawo anabala chitsiru chosayamika.

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana.

"Ndamva, amalume. Mawu onsewo ndawamva."